Tisachinamizire Chichewa kuti chilibe mawu a zamumtima

Nthawi iliyonse apolisi akatulutsa chiwerengero cha anthu amene adzipha m'dziko muno, n'kupezeka monga mwa masiku onse kuti ambiri mwa iwo ndi amuna, mawailesi amaitana akatswiri, omvera amaimba mafoni, ndipo pa Facebook pamabuka mtsutso wa masiku angapo. Zimateronso pa 10 Okutobala, tsiku limene mayiko amakumbukira za thanzi la maganizo. Mumtsutsowo simulephera kutuluka mfundo imodzi imene yanenedwa kambirimbiri mpaka yayamba kumveka ngati yoona, yakuti Amalawi sitikamba zimene zikutisautsa mumtima chifukwa Chichewa chilibe mawu ake. Akuti tilibe liwu la depression, tilibe la stress, tilibenso la anxiety, n'chifukwa chake wachinyamata wa ku Ndirande kapena ku Area 25 akafuna kufotokoza za mtima wake amathawira ku Chingerezi. Ine mfundo imeneyi ndikuikana. Chichewa chili ndi mawu ambiri onena za mmene munthu akumvera, za zizolowezi zake, ndi za mmene mtima umachitira ukakumana ndi zinthu, ndipo ena mwa mawuwo amalasa penipeni kuposa a Chingerezi amene tikuwathamangira. Chimene chachitika n'chakuti tawaika padera mpaka ana athu sakuwadziwanso. Choncho ndikunena kuti azaumoyo, aphunzitsi, atolankhani ndi azibusa ayenera kuyambira pa mawu athuwa, n'kumabwereka achilendo pokhapokha pamene athu apereweradi.

Ndisanayankhe otsutsa, ndiyenera kuyala poyera katundu amene ndikuti tili nayeyo. Taganizirani mawu atatu awa: kupukwa, kusungulumwa ndi kunyong'onyeka. Onse amanena za mtima wosakondwa, koma lina silingalowe m'malo mwa linzake. Mtsikana amene wangoyamba Folomu 1 pasukulu yogonera komweko, ali pakati pa anzake ambirimbiri koma usiku akulira pokumbukira amayi ake ndi nsima ya kwawo, ameneyo wapukwa. Agogo amene ana awo onse adasamukira ku tauni, ndipo tsiku limatha popanda wowapatsa moni, akusungulumwa. Mnyamata amene adamaliza sukulu, ntchito sikupezeka, ndipo amangokhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akunyong'onyeka. Mankhwala a anthu atatuwa ndi osiyana, pakuti woyamba akufunika kumva mawu a kwawo, wachiwiri akufunika womuchezera, pamene wachitatu akufunika chochita. N'chimodzimodzinso mantha, nkhawa ndi nthumanzi. Mantha amakhala ndi chinthu chooneka, monga galu wolusa kapena mbava zimene zikuthyola chitseko. Nkhawa imakhalitsa, munthu amagona nayo n'kudzuka nayo, monga ya fizi kapena ya ngongole ya ku banki m'khonde. Nthumanzi ndi ija imakugwira pamene chinthu chili pafupi kuchitika koma sukudziwa kuti chitha bwanji, monga uli pabenchi la kuchipatala kudikira zotsatira za magazi. Timasiyanitsanso ulesi ndi mphwayi, chifukwa waulesi safuna ntchito, pomwe wogwa mphwayi adaifuna koma china chake chamufooketsa. Timasiyanitsa njala ndi nkhuli, chifukwa wankhuli atha kukhala wokhuta koma mtima wake uli pa nyama. Tili ndi mangawa ndi chakukhosi, kunyanyala ndi kunyinyirika, phuma ndi kuzengereza. Ngakhale nyimbo ya fuko lathu imaika nsanje pamzere umodzi ndi njala ndi matenda monga adani a dziko, ndipo nsanjeyo ili ndi abale ake, kaduka ndi njiru, amene mwini chinenero sawasokoneza.

Pamwamba pa mawu amenewa pali chuma china chimene Chingerezi chili nacho chochepa kwambiri, ndicho mvekero. Tikati munthu ali khuma, kapena wangoti zyoli, kapena wangoti ndwii osayankha, kapena wangoti kakasi atamva uthenga, kapena mtima wake wati myaa mwana wotayika atapezeka, timakhala titajambula thupi ndi mtima pamodzi m'kaliwu kamodzi. Dokotala wa matenda a maganizo amaphunzitsidwa kuyang'ana nkhope, kakhalidwe ndi kayankhulidwe ka wodwala, kenaka n'kulemba mizere ingapo m'fayilo. Mayi wa kumudzi amanena zomwezo akati bambo a kunyumba masiku ano amangokhala khuma, sakudya, angobindikira m'nyumba. Mayiyo wapereka kale lipoti lachipatala. Chimene chikusowa ndi khutu lozindikira kuti limeneli ndi lipoti.

Mwina wina angafunse kuti dzina la chimene ukumva lili ndi phindu lanji, popeza kulitchula sikubweza ngongole kapena kudzutsa womwalira. Funsoli lili ndi yankho lochokera ku kafukufuku. Mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Los Angeles adaonetsa anthu zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha uku akuunika ubongo wawo ndi makina. Adapeza kuti munthu akatchula dzina la chimene akuona pankhopeyo, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamadzidzimuka pakakhala zoopsa, kamachepetsako ntchito yake. Kunena mwachidule, kutchula kumaziziritsa. Ngati zili choncho, ndiye kuti liwu limene lingamuziziritse munthu msanga ndi limene analiyamwira, lomwe safunika kulitanthauzira kaye m'mutu asanalimve.

Otsutsa oyamba ndi ophunzira zachipatala, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Iwo amati depression si kukhumudwa wamba ayi, koma matenda okhala ndi zizindikiro zodziwika: munthu kukhala wachisoni kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, kusintha kwa kagonedwe ndi kadyedwe, kudziona wachabechabe, ndipo nthawi zina kuganiza zodzipha. Munthu amakhumudwa Bullets ikagonja, ndiye tingatchule bwanji ndi liwu lomwelo matenda amene amapha? Ndikuvomereza kuti malire amenewa ndi ofunika, pakuti popanda iwo wodwala weniweni angauzidwe kuti angolimba mtima. Koma otsutsawa amaiwala kuti mawu a sayansi nawonso adayamba ali mawu wamba. Liwu la depression limanenanso za malo olowa pansi, za kugwa kwa chuma, ngakhale za mphepo ya panyanja isanasanduke namondwe, ndipo palibe Mngerezi amene amasokonezeka nazo. Liwu la stress linali la amisiri, lonena za kulemera kumene kukupanikiza chitsulo kapena mlatho, mpaka pamene katswiri wa sayansi Hans Selye, amene adayamba kufalitsa kafukufuku wake ku Montreal mu 1936, adalifalitsa monga liwu la zaumoyo. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha nostalgia. Mu 1688 wophunzira zaudokotala wina ku Basel, Johannes Hofer, adalumikiza mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza kubwerera kwanu ndi lina lotanthauza ululu, pofotokoza matenda amene ankagwira anthu a ku Switzerland okhala kutali ndi kwawo mpaka kumasiya kudya ndi kumaonda. Anthu wamba a kumeneko anali nalo kale liwu lawo, Heimweh, ndipo Hofer adangoliveka jekete la Chigiriki kuti madokotala anzake alilemekeze. Chinthu chomwecho agogo athu ankachitchula kuti kupukwa, ndipo ankachidziwa bwino chifukwa amuna awo ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Halale, ena n'kusanduka matchona. Anansi athu olankhula Chipwitikizi ku Mozambique amanyadira liwu lawo la saudade, lofanana ndi kupukwa, limene limatamandidwa dziko lonse kuti n'lovuta kulimasulira, pamene ife kupukwa kwathu tikukuchitira manyazi. Mawu sabadwa ali ndi malire. Amapatsidwa malire ndi anthu amene asankha kuwagwiritsa ntchito mosamala.

Umboni wakuti zimenezi n'zotheka uli pafupi, ku Zimbabwe. Anthu olankhula Chishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, ndipo liwu limeneli lidalowa mu DSM-5, buku lalikulu la madokotala a matenda a maganizo a ku America la mu 2013, monga limodzi mwa mawu asanu ndi anayi a zikhalidwe zosiyanasiyana amene dokotala ayenera kuwadziwa. Dokotala wina wa ku Harare, Dixon Chibanda, adayambitsa mu 2006 ntchito ya Friendship Bench ku Mbare, dera la mumzindamo, momwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika maganizo. Agogowo sadalole mawu a m'mabuku, ndipo adakonda awoawo, monga kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo, ndi kusimbisa, kulimbikitsa. Njira imeneyi itayesedwa pa anthu 573, zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala ya JAMA, ndipo zidaonetsa kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi amene adakhala pabenchi anali bwino kwambiri kuposa amene adalandira chithandizo cha masiku onse. Kuno kwathu odwala amalankhula chimodzimodzi. Amati ndikuganiza kwambiri, maganizo andichulukira, mtima ukundiwawa. Pulogalamu ya pa wailesi ya achinyamata ya Nkhawa Njee idagwiritsa ntchito mawu akuti matenda okhumudwa, ndipo liwu loti matenda lija ndi limene lidaika malire amene madokotala akufuna, kusiyanitsa kukhumudwa kwa mpira ndi kukhumudwa kofunika chipatala. Zidangotengera liwu limodzi lowonjezera.

Otsutsa achiwiri amachokera mbali inayo, ndipo ambiri mwa iwo ndi achikulire. Iwo amati makolo athu analibe depression, kuti awa ndi matenda a azungu ndi a ana oleredwa mwa sasatira, ndipo kuti kupatsa dzina kachisoni kalikonse kumafooketsa anthu, popeza mwamuna salira. M'mawu awo muli kachoonadi kamene sindikufuna kukabisa. Masiku ano n'zoona kuti ena amatcha trauma, kutanthauza bala la mumtima, chilichonse chimene sichidawakomere, ndipo mwana akadzudzulidwa chifukwa chosatsuka mbale amati makolo ake ndi toxic. Chisoni cha maliro si matenda, ndipo nthumanzi ya mayeso si matenda. Komabe mfundo yakuti makolo analibe mavuto amenewa ikutsutsidwa ndi chinenero chimene makolo omwewo adatisiyira. Anthu sapanga dzina la chinthu chimene sadachionepo. Akadakhala kuti sankadziwa za munthu wofota ndi chisoni, mawu akuti kusweka mtima, kubindikira ndi kuthedwa nzeru akadachokera kuti? Kuwonjezera apo, sadangotchula mayina okha, koma adakonzanso chithandizo. Kugona pasiwa, kukhuza maliro, kupita kukapepesa ngakhale patatha mwezi, ankhoswe omvetsera madandaulo a banja, zonsezi zidakhazikitsidwa kuti munthu wosweka mtima asakhale yekha ndiponso kuti alankhule. Chodabwitsa n'chakuti mawu athu ndi amene angathetse nkhawa ya achikulirewa, chifukwa munthu amene ali ndi mawu khumi a kusakondwa sathamangira kutcha chilichonse matenda. Amadziwa kuti ichi n'kupukwa ndipo chitha akapita kwawo pa holide, koma ichi chapitirira mphwayi wamba ndipo chikufunika achipatala. Amene ali ndi liwu limodzi lokha ndi amene amakulitsa zazing'ono n'kuchepetsa zazikulu.

Otsutsa achitatu ndi amene amandivuta kwambiri kuwayankha, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata amene adavutikapo okha. Iwo amati mawu a Chichewa amabwera ndi chiweruzo. Ukati wagwa mphwayi akumva kuti ndiwe waulesi, ukakhala chete akuti wanyanyala ngati mwana, ndipo ukangotchula za matenda a maganizo akuti wayamba misala, akutengere ku Zomba. Liwu la Chingerezi, iwo amatero, lili ngati ambulera, chifukwa ukati ndili ndi anxiety anthu amakumvera ulemu monga wodwala, osati kukuseka monga wofooka. Zimenezi ndi zoona, ndipo sindingaweruze munthu amene wapeza pobisala m'liwu lachilendo pa nthawi ya mavuto ake. Koma tiyeni tifunse kuti ambulerayo ikuphimba anthu angati. Ikuphimba amene adafika ku sekondale ndi ku koleji, amene ali ndi foni ya intaneti, amene makolo awo amamva Chingerezi. Amalawi ambiri amakhala kumudzi, ndipo mlimi wa ku Dedza amene fodya kapena mbatata yake sidagulidwe bwino, ngongole ili pakhosi, sadzanena kuti ali ndi anxiety. Ngati ulemu uli m'Chingerezi mokha, ndiye kuti tavomereza kuti wophunzira akavutika ndi wodwala, koma wosaphunzira akavutika ndi waulesi kapena wamisala. Chinanso n'chakuti chitonzo sichikhala m'liwu, chimakhala mwa anthu, ndipo chimatsatira liwu latsopano monga chidatsatira lakale. Liwu la mental lidabwera kuno lili laulemu, lochokera m'mabuku a chipatala, koma lero ana amanyozana nalo m'misewu. Kusintha chinenero kumangopatsa munthu mpumulo wa zaka zochepa. Ntchito yeniyeni ndi kutsuka mawu athu, monga tidachitira pa nkhani ya Edzi, pamene mawu onyoza adayamba kuchepa mphamvu anthu atazolowera kunena poyera kuti ndikumwa mankhwala otalikitsa moyo.

Otsutsa omaliza amati chinenero chilichonse chimabwereka, ndipo kulimbana ndi mawu achilendo n'kutaya nthawi, popeza tidalandira kale sukulu, buku, foni ndi sopo. Pamenepa sitikusiyana kwenikweni. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pali malingaliro ena amene akatswiri a kunja adawaunika bwino kuposa mmene ife tidachitira. Mu 1978 akatswiri a za maganizo Pauline Clance ndi Suzanne Imes adalemba za amayi ochita bwino pa ntchito ndi pa maphunziro amene mumtima ankakhulupirira kuti adangochita mwayi, ndipo kuti tsiku lina anthu adzawatulukira kuti sadziwa kanthu. Chimene iwo adachitcha impostor phenomenon chimaposa kudzikayikira wamba, ndipo mwana woyamba wa m'mudzi mwawo kufika ku yunivesite angapepukidwe kwambiri atamva kuti chimene akumvacho chili ndi dzina ndipo chimagwira anthu ambiri. Liwu la gaslighting, lochokera ku sewero lina la ku Britain la mu 1938, limanena za munthu amene amakana mwadala zimene mnzake adaona ndi kumva mpaka mnzakeyo kuyamba kukayika nzeru zake zomwe, ndipo amayi ambiri a m'mabanja ankhanza angazindikire msanga khalidwe limeneli atalifotokozeredwa. Mawu otere tiwalandire, tiwafotokoze, mwina tiwapezere ndi mayina athu. Chimene ndikukana ndi kubwereka kumene kumasaukitsa. Liwu la stress lalowa m'Chichewa ngati namasupuni m'mtsinje wa Shire, laphimba zonse zimene zinali pansi pake. Wopukwa akuti ali ndi stress, wosunga mangawa akuti ali ndi stress, wa nthumanzi, wotopa, wa ngongole, wokanidwa ndi chibwenzi, onse stress. Tikabwereka foni timawonjezera chinthu chimene tinalibe, koma tikabwereka stress mwa njira imeneyi timasinthanitsa mawu khumi ndi limodzi, ndipo womvera sadziwanso kuti athandize bwanji. Ngakhale procrastination imene achinyamata amaitchula monyadira ilibe chimene ikuonjezera pa kuzengereza, ndipo ilibe mwambi woiperekeza monga uja wakuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono chofunika kuchita sichovuta ndipo sichifuna ndalama zambiri. Mawu amenewa adalembedwa kale. David Clement Scott adasonkhanitsa mawu a Chimang'anja m'dikishonale yake ya mu 1892, ndipo Centre for Language Studies, likulu lofufuza za zinenero la ku University of Malawi, limene lidakhazikitsidwa mu 1996, lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Mawu ena ambiri akadali m'kamwa mwa agogo a ku Ntcheu, ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Angonia, ndipo dera lililonse lili ndi ake amene ena sawadziwa. Chimene sichidachitike mokwanira ndi kukhazika pamodzi odziwa chinenero ndi odziwa matenda a maganizo, monga a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi a ku chipatala cha Saint John of God ku Mzuzu, kuti agwirizane kuti liwu ili tizilitchula pa chakuti, malire ake ndi awa, ndipo likafika apa munthu atumizidwe ku chipatala. Mndandanda wotere ungalowe m'maphunziro a alangizi a zaumoyo ndi anamwino, m'mabuku a Chichewa a ku pulayimale, ndi m'zipinda za atolankhani a pa wailesi. Ukadzatero, mlangizi wa zaumoyo akadzakumana ndi mayi amene wangobereka kumene ndipo ali khuma, sadzamufunsa ngati ali ndi stress, funso limene mayiyo angangoligwedezera mutu mwa ulemu. Adzamufunsa ngati wapukwa kwawo, ngati ili nkhawa ya chakudya, ngati pali chakukhosi ndi apongozi, kapena ngati ili mphwayi imene yatha milungu iwiri osachoka ngakhale mwana akamwetulira. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi likulu lofufuza za zinenero lija zonse zili mumzinda umodzi wa Zomba, ndipo ulendo wochoka kwina kupita kwinako ndi wa kabaza.